Achimwene, cholembera bwezerani kaye m'thumba

Achimwene, inu amene kuntchito akukuuzani kuti musaine kontilakiti yatsopano, pepala limenelo lisiyeni kaye. Zoti "kampani yaphatikizana ndi inzake, sainani kontilakiti yatsopano, palibe chisinthe" ndinazimvapo ndi makutu angawa, ndipo ndikulemba pano manja akunjenjemera.

Ine ndinali wa scaffolding (womanga zitsulo zokwerapo anthu pogwira ntchito m'mwamba) kwa kontilakita wina ku Durban, kuno ku South Africa, tinkalowa m'ma refinery, mafakitale oyenga mafuta, nthawi ya shutdown, akawazimitsa kuti awakonze. Amene munali kuno mukudziwa mmene zinagwera. Ya Engen ku Wentworth inapsa mu Disembala 2020, sinayambenso, anangoisandutsa posungira mafuta obwera pa sitima. Sapref ya Shell ndi BP, yaikulu kuposa onse m'dziko muno, inazimitsidwa mu Malichi 2022, mwezi wotsatira madzi osefukira aja n'kudzalowamo. Ntchito zitachepa, makontilakita anayamba kumezana. Wathu anamezedwa ndi wamkulu. Anatiitana pa yadi, nyama ikuwotchedwa, maovolosi atsopano, mayi wa HR, ofesi yoona za antchito, akumwetulira kuti tsopano ndife banja limodzi. Tinaima pa mzere n'kumasaina ngati tikulandira makuponi a feteleza.

Sipanapite nthawi yaitali. Lolemba m'mawa ndafika pa geti la yadi, kuika khadi, nyali yofiira. Kuikanso, yofiira. Kumbuyo kwanga anthu akukuwa kuti ndipatuke achedwa. Mlonda amene tinkagawana naye fodya anayang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Kenako akutulukira kapitawo ndi mndandanda m'manja, munthu wakwathu, amene tinkadya naye nsima mbale imodzi Lamlungu lililonse. Wandipatsa envulopu osandiyang'ana m'maso. Nditsegule, ndalama yake yosakwana ngakhale lendi ya kachipinda kanga ku Isipingo. Lamulo la kuno limati wochotsedwa chifukwa ntchito yatha alandire malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene wagwira. Iwo anawerengera kuyambira tsiku la nyama yowotcha lija! Kumunsi kwa pepala tinasaina lija kunali timalemba toti tasiya ntchito mwakufuna kwathu ku kampani yakale. Zaka zonse zokwera mapaipi mphepo ya kunyanja ikuwomba, zafufutika. Nditayamba kukweza mawu, kapitawo anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Achimwene, permit yanu ikutha liti?" Anandivulitsa safety boots pomwepo pa geti, anthu akuona, akuti ndi za kampani. Ndinakwera taxi ndi masilipasi obwereka, foni ikulira, mayi a kunyumba akufunsa ngati ndatumiza ya fizi pa Mukuru. Munthu ameneyu mpaka lero amaimba kwaya kutchalitchi. Amene anatigula aja sindiwadabwa, anabwera kudzatenga makontilakiti osati anthu, koma wakwathu kugwira mpeni?

Tsono imvani. Mu Labour Relations Act, lamulo la kuno la za ntchito, muli section 197. Bizinesi ikasamutsidwa ikuyenda, antchito amasamuka nayo limodzi ndi zaka zawo zonse, sipafunika kusaina kuti mwasiya. Akamakukakamizani pepala latsopano, funsani kuti tsiku loyamba ntchito alemba liti. Likakhala la chaka chino, akukuberani masana dzuwa likuswa mtengo. Musasaine.

Koma ndisakunamizeni, anzathu angapo amene anakana kusaina ndi amene anayamba kuchotsedwa, sanaone ngakhale envulopu yowonda ija. Ndiye ngati akufinyani pakhosi ndipo ana akudikira, sainani basi, mudye kaye, bola mujambule tsamba lililonse pa foni musanabweze. Union yathu inangodya ndalama zathu mwezi ndi mwezi, tsiku lija palibe anaoneka, komabe lowani union, poti wopita yekha mu ofesi ya HR amatuluka opanda kanthu. Akakuchotsani thamangirani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30. Ndi yaulere ndipo imamva milandu ya alendo, asakuopsezeni ndi nkhani ya mapepala.

Musaganizenso kuti kumezanaku kwatha. Mu 2024 Petronas, kampani ya mafuta ya ku Malaysia, inagulitsa magawo ake 74 pa 100 a mu Engen kwa Vivo Energy, ndipo chaka chomwecho Sapref inagulitsidwa kwa Central Energy Fund, kampani ya boma, ndi randi imodzi, imodzi yeniyeni. Boma nalo laphatikiza makampani ake a PetroSA, iGas ndi Strategic Fuel Fund kukhala kampani imodzi yotchedwa SANPC. Zoyenga crude (mafuta osayenga) zatsala Natref ku Sasolburg ndi Astron ku Cape Town. Mwini akasintha pamwamba, makontilakita pansi amayamba kuunikidwanso, ndipo oyamba kugwa ndi ife a pasipoti.

Ma payslip onse, ngakhale ong'ambika, asonkhanitseni usiku uno, muonenso ngati UIF, ndalama ya inshuwalansi yothandiza ntchito ikatha, imene amakudulani ikufikadi ku Labour, dipatimenti ya boma ya za ntchito. Yanga ndinakapeza miyezi ina sanaperekeko. Kapitawo uja ngati ali mu gulu muno awerenge ndithu, nsapato zija zinali saizi 9.