Funsani Aphunzitsi: Kodi tabuleti ingaphunzitse mwana kuwerenga?

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu, ngakhale kwathu ndi ku Dedza. Mwana wanga wachiwiri ali mu Sitandade 3, koma akatenga buku amatchula phatikizo limodzilimodzi movutikira, ndipo ndikamufunsa zimene wawerenga amangondiyang'ana. Bambo ake akufuna kumugulira tabuleti. Kodi zimenezi zingathandize?

YANKHO: Mayi, auzeni bambo kuti ayambe asunga ndalamazo, chifukwa vuto la mwana wanu lili ndi mankhwala otsika mtengo kuposa tabuleti. Kuwerenga kuli ndi masitepe ake. Mwana amayamba ndi kumva maliwu a m'mawu, kenaka amadziwa malembo oimira maliwuwo, n'kumawalumikiza kukhala maphatikizo monga ma, nda ndi nkhwa, ndipo pambuyo pake ayenera kufika powerenga mosadodoma kuti mutu wake upeze mpata woganizira tanthauzo la nkhani. Ndondomeko ya National Reading Programme, imene boma linayambitsa mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, imatsata njira yomweyi. Mwana wanu waima pakati: maphatikizo akuwadziwa, koma mphamvu zake zonse zikuthera pa kuwatchula, kotero kuti akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake.

Musafulumire kuloza chala aphunzitsi ake. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezereka m'sukulu nthawi imodzi, makalasi a ana aang'ono akhala odzaza kwambiri, moti n'zosatheka kuti mphunzitsi mmodzi amvetsere mwana aliyense akuwerenga tsiku lililonse. Ntchito yomvetserayo ndi imene inu mungaigwire bwino kuposa wina aliyense. Madzulo aliwonse mukhale naye pansi kwa mphindi 15, awerenge mokweza ndime yaifupi, ndipo ndime yomweyo aibwereze kangapo mpaka izimveka ngati akungoyankhula. Akatha mutseke buku, mumufunse kuti nkhaniyo ikukamba za yani, chinachitika n'chiyani, nanga chinachitikiranji. Buku la kusukulu likasowa, buku la nyimbo za kutchalitchi kapena masamba a Chichewa a m'nyuzipepala angathandize, komanso National Library Service ili ndi nthambi muno mu Mzuzu kumene mungakafunse mabuku a ana.

Dziwaninso kuti mwana wanu ali ndi mwayi umene anzake ambiri m'kalasimo alibe, pakuti Chichewa cha m'buku ndi chomwe amamva pakhomo. Ana amene kwawo amayankhula Chitumbuka kapena Chitonga amaphunzira chiyankhulo ndi kuwerenga nthawi imodzi, ndipo makolo awo ayenera kuwafotokozera matanthauzo a mawu m'chiyankhulo chawo popanda kuchita manyazi.

Za tabuleti, n'kutheka kuti bambo anamva za pulogalamu ya BEFIT imene inayamba mu 2023, yomwe ikupereka matabuleti otchajidwa ndi dzuwa m'sukulu za pulayimale za boma. Matabuleti amenewo ali ndi maphunziro a kuwerenga ndi masamu okonzedwa ndi bungwe la onebillion, amayankhula Chichewa, ndipo mwana amawagwiritsa ntchito kwa nthawi yoikika aphunzitsi ali pomwepo. Tabuleti ya pamsika imabwera yopanda zonsezi, ndipo kawirikawiri imasanduka kanema wa zidole. Ngati patapita teremu yathunthu mukuwerenga naye palibe kusintha, mupite naye kuchipatala akamuyeze maso ndi makutu.

FUNSO: Ndili mu Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera ku Luwinga ndipo sukulu yathu ilibe makompyuta. Kodi ndikadzafika ku koleji sindidzatsalira?

YANKHO: Mwana wanga, nkhawa yako ndi yomveka, pakuti phunziro la Computer Studies lilipo pa mayeso a MSCE koma sukulu zopanda makina ndi magetsi sizitha kuliphunzitsa. Komabe zambiri zofunika ungaziyambe pa foni ya makolo ako: kutsegula imelo, kulemba kalata yaulemu pa imeloyo, kutumiza fayilo, ndiponso kufufuza nkhani pa intaneti n'kuona amene anailemba ndi tsiku limene inalembedwa. Uphunzirenso kusunga nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi kusafalitsa za pa WhatsApp usanatsimikize, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalanga anthu ozunza anzawo pa intaneti. Chimene foni singakupatse ndi luso lotaipa ndi zala zonse, choncho pa holide upeze malo ophunzitsa kompyuta m'tauni muno ukazolowere kiyibodi.

FUNSO: Ndine bambo wa ku Katoto. Mwana wanga wamkazi ali chaka choyamba pa koleji ina, ndipo aphunzitsi ake am'bwezera ntchito ponena kuti anakopera pa intaneti. Iye akuti anzake onse amatero, ena mpaka amalembetsa kwa ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalemba nkhani munthu akaipempha. Kodi kulakwa kwake kuli pati?

YANKHO: Bambo, aphunzitsiwo anachita bwino kum'bwezera, ndipo ndi mwayi wake kuti zachitika m'chaka choyamba. Kugwiritsa ntchito intaneti pa maphunziro si mlandu. Pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi moto mu Disembala 2015, aliyense anaona kufunika kwa mabuku ndi zolemba zopezeka pa makina. Mlandu ndi kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina n'kuwapereka ngati ako osamutchula mwini wake, ndipo makoleji amalanga mchitidwewu, nthawi zina mpaka kulepheretsa wophunzira phunziro lonse.

Ine ndimaona kuti ophunzira ambiri okopera sachita zimenezi chifukwa cha ulesi wokha. Iwo anakhoza PSLCE ndi MSCE poloweza manotsi a aphunzitsi, ndipo sanazolowere kuwerenga mutu wathunthu wa buku la Chingerezi n'kuufotokoza m'mawu awoawo. Ndi vuto lomwe lija la mwana wa mayi a ku Chibavi, kungoti lakula ndi mwini wake. ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, imalibisa vutoli popanda kulichotsa, ndipo ili ndi ngozi yakeyake, chifukwa nthawi zina imapeka mayina a mabuku ndi olemba amene kulibe, n'kuwalemba mooneka ngati zoona.

Muuzeni mwana wanu apite kwa aphunzitsiwo akapepese ndi kupempha mwayi wolembanso. Polembanso awerenge ndime, atseke buku kapena kompyuta, alembe zimene wamva m'mawu ake, kenaka atchule mwini nkhani, chaka ndi tsamba. Apitenso kwa ogwira ntchito mu laibulale ya pa koleji yawo kuti amuonetse njira yotchulira mabuku imene kolejiyo imafuna, kaya ndi APA kapena Harvard, ndipo afunse aphunzitsi a phunziro lililonse ngati amalola ChatGPT asanaitsegule n'komwe.