Kusunga ndalama ya ndiwo si kulamulira chuma cha pakhomo

Mayi wina wa ku Chibavi mu Mzuzu watumiza imelo. Amagulitsa tomato ndi anyezi kumsika wa Zigwagwa, amuna awo ndi dalaivala pakampani ina ku Luwinga, ndipo ali ndi ana atatu. Mayiwa kwawo ndi ku Dedza, bambo ndi a ku Mzimba, ndipo anawalowola. Alemba motere: "Zaka 9 ndili pabanja koma sindidziwa kuti bambo amalandira zingati. Kale ankasiya ya ndiwo m'mawa uliwonse. Chiyambireni geni, akuti ndiwo, makala ndi sopo ndi zanga, iwo aziona za lendi ndi za kumudzi. Mpamba wanga wagwa kawiri. Panopa ndalowa banki m'khonde mobisa. Kodi ndalama za pakhomo ayenera kusunga ndani? Nanga kubisaku ndikulakwa?"

Mayi, kusunga ndalama ndi kulamulira ndalama ndi zinthu ziwiri. Kondakitala wa minibasi ya ku Ekwendeni amagwira makwacha kuchokera mbandakucha mpaka usiku, koma zogula matayala kapena kugulitsa galimotoyo safunsidwa. Amayi ambiri ndi makondakitala m'nyumba zawo. Ya ndiwo imadutsa m'manja mwawo, anthu n'kumati mayi ndiye msungichuma, chikhalirecho za puloti ya ku Mchengautuwa, malata, njinga yamoto ya kabaza kapena feteleza wa kumudzi amazimva zitachitika kale. Ngakhale bambo atakupatsirani chikwama chonse mawa, vuto silingathe ngati simukudziwa zomwe zimalowa komanso zomwe zinalonjezedwa kale kwina.

Tsono taonani kagawidwe kanuko. Pongomva, kakumveka kachilungamo: wina lendi, wina mphika. Koma lendi imakhazikika. Eni nyumba amakweza mwa apo ndi apo, ndipo amachenjeza. Mafuta ophikira, sopo, makala ndi chigayo zimakwera osaodira. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa m'magolosale ndiye anayamba kudumpha. Amene wasankhiridwa mbali ya mphika ndiye wasenza kukwera mitengo konse. Chinanso, lendi imaoneka: ili ndi tsiku lake, mwini wake, pena ndi lisiti lomwe. Koma ka K2,000 ka makala m'mawa, ka K1,500 ka usipa madzulo, palibe amaziwerenga, ngakhale inu amene mukutulutsa. Muziphatikize kwa masiku 30 muone. M'nyumba zambiri za ku Chibavi, Chiputula ndi Zolozolo, mphika umadya zoposa lendi.

Nkhaniyi si ya kwathu kuno kokha. Kale akatswiri a zachuma ankaona banja ngati thumba limodzi, kuti kaya ndalama yalowera kwa bambo kaya kwa mayi, igula zomwezo. Kafukufuku anatsutsa zimenezi. Mu 1990 Duncan Thomas anaonetsa kuti ku Brazil ndalama yokhala m'manja mwa mayi inkathandiza thanzi la ana kuposa ya m'manja mwa bambo. Ku South Africa, penshoni ya okalamba itafika kwa anthu akuda ambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Esther Duflo anapeza kuti ana aakazi okhala ndi agogo aakazi olandira penshoni ananenepa ndi kutalika bwino, pomwe kwa agogo aamuna sikunaoneke kusintha kotere. Dziko la Mexico litayambitsa ndondomeko ya Progresa, yothandiza mabanja osauka ndi ndalama, mu 1997, linasankha kupereka ndalamazo kwa amayi.

Koma pasapezeke wothamanga nazo kuti abambo onse ndi omwaza. Atayesa ku Morocco kupereka ndalama za sukulu kwa abambo m'mabanja ena ndi kwa amayi m'mabanja ena, kusiyana kunali kochepa. Chimene chimaononga kwambiri ndi kusadziwitsana. Christopher Udry anapeza mu 1996 kuti ku Burkina Faso minda ya amayi inkakolola zochepa ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi minda yofanana nayo ya abambo a pakhomo pomwepo, chifukwa manyowa, feteleza ndi manja olima zinkaunjikana kumunda wa bambo. Banja lonse linkaluza.

Pa za kubisa, kafukufuku wa Nava Ashraf ku Philippines, yemwe anasindikizidwa mu 2009, ndiye akukuyankhani bwino. Kumeneko m'mabanja ambiri amayi ndiwo amasunga ndalama, ndipo abambo akapatsidwa ndalama akazi awo osadziwa, ankaiika ku akaunti yawoyawo. M'mabanja omwe osunga anali abambo, amayi ankachitanso chimodzimodzi. Wobisa ndi amene alibe mawu, kaya wavala thalauza kaya chitenje. Choncho sindikuti mwachimwa. Ndikungoti kubisa kuli ndi mtengo wake, ndipo ndibwererako.

Yambani ndi geni yanu, chifukwa imeneyo sifunika chilolezo cha munthu. Mpamba sugwa ndi ufiti, umagwa ndi masamu. Titenge chitsanzo. Mwaoda tomato wa K60,000. Thiransipoti, wonyamula ndi chiphaso cha msika zadya K5,000. Wina waola, ndipo patatha masiku atatu mwapeza K80,000. Phindu lanu ndi K15,000, kutanthauza K5,000 patsiku. Ngati pakhomo pakutuluka K7,000 patsiku kuchokera m'thumba lomwelo, tsiku lililonse mukudya K2,000 ya mpamba. Masiku 30 ndi K60,000. Mpamba wonse wathera mumphika mwezi umodzi, inu osagulako ngakhale chitenje. Bambo akamaona K80,000 mukuwerenga pamphasa madzulo amayesa zonsezo ndi zanu.

Chochita n'chosavuta kunena. Ndalama yokaodera ichotsedwe poyambirira, isagone m'nyumba. Iikeni ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, pa nambala yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, nambala yachinsinsi mukuidziwa nokha. Amayi ambiri amagwiritsa ntchito simu yolembetsedwa m'dzina la amuna awo kapena la mwana. Foni ikatayika kapena banja likagwedezeka, wokatenga simu ina ndi mwini dzinalo. Ikani ndi kutapa kamodzi patsiku, osati kangapo, poti kutapa kulikonse amadula. Tomato ndi anyezi amene mwatenga pabenchi kukaphikira mulembe pa mtengo wogulitsira, chifukwa nayenso ndi chopereka chanu pakhomo. Ndipo dziikireni malire: mwa phindu la K5,000, mwina K3,000 ya pakhomo, K1,000 yokuzira mpamba, K1,000 ya banki m'khonde.

Kenako gulani kope la ana a sukulu. Kwa mwezi wathunthu lembani chilichonse chotuluka pakhomo: tsiku, chinthu, kuchuluka kwake, mtengo, ndi amene walipira. Za bambo muzilembanso, lendi yomwe. Kuchuluka n'kofunika kuposa mtengo, chifukwa mtengo usintha mwezi wamawa koma malita a mafuta, ndowa za chimanga ndi matumba a makala sizisintha kwenikweni. Kopeli likuonetsaninso mmene kugula pang'onopang'ono kumaberera: ufa wa walkman, mafuta a m'timachubu ndi makala a m'majumbo, mukaphatikiza, zimadula kuposa thumba kapena botolo lalikulu.

Kukambirana kwake kumafuna nthawi yabwino. Osati tsiku la malipiro, ndalama ikutentha m'thumba, komanso osati pakati pa mwezi pomwe aliyense wauma. Masiku atatu kapena anayi malipiro asanatuluke, ana atagona. Musayambe ndi "kodi mumalandira zingati?" Funso limenelo abambo ambiri amalimva ngati mlandu. Yambani ndi kope: "Bambo, nyumba yathu imadya izi pamwezi. Ine geni imandipatsa izi. Potsalapa titani?" Mwaulula zanu poyamba, ndipo kwa munthu wanzeru zimamuvuta kupitiriza kubisa zake.

Ndipo pemphani zinthu, osati ndalama. Ndalama ya ndiwo yosiyidwa m'mawa imadalira mmene munthu wadzukira. Gwirizanani kuti tsiku lolandira, bambo asanapite kwina kulikonse, agule thumba la makala, mafuta ophikira a mwezi, sopo, shuga ndi mchere, agule mayunitsi a ESCOM, alipire madzi. Chimanga ndiye chachikulu. Banja la anthu asanu limatha pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50 pamwezi, pena kuposerapo. Kugula matumba angapo mu Juni kapena Julaye, chikangokololedwa, n'kosiyana kutali ndi kugula ndowa imodziimodzi mu Januwale ndi Febuluwale. Kungoti Mzuzu ndi wa chinyontho: chiyanikeni chiume gwa, chithireni mankhwala a anankafumbwe kapena chiikeni m'matumba osalowa mpweya a PICS, ndipo matumba akhale pamatabwa, asagunde khoma. Zikatere inu mwatsala ndi ndiwo zokha, zomwe phindu la K3,000 lingayesereko.

Pali mfundo ziwiri zomwe mabanja amaziiwala, n'chifukwa chake mapangano amatha mwezi wachiwiri. Yoyamba, aliyense akhale ndi kandalama kake kosafunsidwa. Bambo amene ayenera kufotokoza za botolo lililonse la Fanta abwerera kukabisa, inunso chimodzimodzi ndi ya tsitsi. Yachiwiri, ikani mlingo woti chinthu chikaposa pamenepo, tinene K50,000, wina asagule, asabwereke kapena kubwereketsa mnzake asanamve.

Za kumudzi musalimbane nazo ngati mdani. Kwa mwana wamwamuna wa ku Mzimba, feteleza wa makolo, fizi ya mng'ono wake ndi maliro a pamudzi ndi udindo weniweni, ndipo mkazi amene amaoneka ngati akutseka mpopi umenewu amadedwa ndi mudzi wonse. Chomwe mungapemphe ndi chiwerengero: zingati pamwezi, zingati nyengo ya feteleza, komanso kuti ku Dedza nakonso kuli makolo. Ndalama yopanda chiwerengero ndi imene imamiza nyumba. Mawu akuti "ndinakulowola, ndiye ndalama zako ndi zanga" alibe malo m'malamulo a dziko lino. Gawo 24 la Malamulo Aakulu limapatsa amayi ufulu wopeza ndi kusunga katundu, paokha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya ayi.

Konzekeraninso kumva zomwe simukuyembekeza. Abambo ena sabisa chuma, amabisa ngongole. Pepala la malipiro likatuluka mupeza kuti gawo lalikulu limadulidwa ndi obwereketsa ndalama, kapena khadi la kubanki lili kwa wakatapila amene amatapa yekha mwezi ukatha. Zikakhala choncho, ntchito yoyamba ndi kulemba ngongole zonse ndi chiwongoladzanja chake, n'kuyamba kupha ya katapila.

Tibwerere ku banki m'khonde. Ndi chida chabwino: mumagula masheya sabata ndi sabata, mumabwereka molingana ndi zomwe mwasunga, m'magulu ambiri mpaka katatu, ndipo pakutha pa chaka mumagawana. Koma chiwongoladzanja chake ndi cha pamwezi. Ngati gulu lanu limadula 20 peresenti, K100,000 imabala K20,000 mwezi uliwonse. Kubwereka kuti muodere katundu amene atuluke msanga kuli bwino. Kubwereka kuti mugule ndiwo ndi kukumba dzenje. Mtengo wa kubisa uli apa: mukalephera kubweza, gulu limabwera pakhomo kudzanyamula matiresi kapena wailesi, bambo n'kudziwira pomwepo, anthu akuonerera. Langizo langa ndi lakuti bambo adziwe kuti muli m'gulu ndiponso cholinga chake, monga fizi ya Januwale. Kuchuluka kwa masheya mukhoza kuulula mukaona kuti nawo ayamba kumasuka. Koma musawabwerekere m'dzina lanu popanda iwo kudzasaina pamaso pa gulu. Amayi ambiri alandidwa katundu chifukwa cha ngongole yomwe sanadyeko n'khobidi lomwe.

Pomaliza, mapepala. Mukamagula puloti, pakalata yogulitsirana palembedwe mayina onse awiri, mboni zisaine, ndipo inu musunge kope lake kwina. Malisiti a simenti ndi malata omwe mwagula ndi ndalama ya geni musataye. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kuti pogawa katundu banja likatha liganizirenso zomwe aliyense anaikapo, ntchito za pakhomo zomwe, koma umboni wolembedwa umafupikitsa mlandu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Afunseni bambo kuti pafomu ya penshoni kuntchito analemba ndani. Ambiri analemba makolo asanakwatire ndipo sanasinthe.

Zonsezi ndalemba poganiza kuti amuna anu ndi munthu wokambika. Akakana kuona kope, itanani ankhoswe, a mbali zonse ziwiri, mupite ndi kopelo osati misozi yokha. Koma ngati nkhani ya ndalama imabweretsa zibakera, ngati amakulandani ndalama ya geni kapena kumana ana chakudya dala ali nazo, musaulule za banki m'khonde. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera zoterezi ngati nkhanza za pachuma. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Mzuzu momwemuno, ndipo khoti la majisitireti likhoza kulamula bambo kupereka chithandizo cha ana ngakhale banja lisanathe.