Bond ndi wa Connery, ngakhale Craig anamusendera pafupi

Achimwene, mwafunsa kuti pa amuna onse amene anasewerapo James Bond, kazitape wa ku Britain uja wodziwikanso kuti 007, m'mafilimu, anakhwana bwino ndani. Ndaona achinyamata muno athamangira kale kulemba kuti Daniel Craig, achikulire angapo akakamira pa Roger Moore. Ine voti yanga ndaponyera Sean Connery. Ena munena kuti awa ndi aja okonda zakale, chabwino, koma yambani mwamva kaye.

M'mafilimu 25 a kampani ya Eon, kuyambira Dr. No wa 1962 kufika No Time to Die wa 2021, suti ya 007 yavalidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi: Connery, George Lazenby, Moore, Timothy Dalton, Pierce Brosnan ndi Craig. Funso lanu likukhudza munthu wosewerayo, osati filimu yokoma kuposa zonse, ndipo anthu ambiri muno akusakaniza ziwirizi. Skyfall wa 2012 anapeza ndalama zoposa madola 1 biliyoni, zithunzi zake ndi zokongola zedi, koma zimenezo ndi ntchito ya anthu ambirimbiri. Kuti tiweruze wosewera, tiyang'ane zimene akuchita iyeyo pamene palibe bomba likuphulika kapena galimoto ikuuluka.

Bond ndi munthu wovuta kusewera chifukwa ayenera kukhala anthu awiri m'thupi limodzi. Ayenera kukhala bambo waulemu amene mabwana angamulandire pa tebulo la juga osakayika chilichonse, komanso ayenera kukhala munthu amene boma lake lamupatsa chilolezo chopha, ndipo amaphadi, kenako n'kukagona tulo. Ambiri mwa asanu enawo anagwira mbali imodzi mwamphamvu, ina n'kuwapulumuka. Connery ankaonetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, pankhope imodzi.

Taonerani Dr. No pamene Professor Dent akubwera kudzamupha usiku ku nyumba ya Miss Taro. Bond wadziwiratu. Wayala mapilo pabedi n'kuwafunditsa kuti azioneka ngati munthu wagona, iye wakhala pampando kuseri kwa chitseko, mfuti ili pambali, akusewera makadi yekha modekha ngati munthu amene akungodikira kuti nsima ipse. Dent akulowa, akuombera mapilo aja kasanu ndi kamodzi. Bond akumuuza kuti ataye mfuti, akucheza naye osakweza mawu, akumusiya dala kuti akokere mfuti ija pafupi n'kuitolanso. Dent akukoka, mfuti ikungolira kuti khethe, mulibe kanthu. Bond anali atawerenga zipolopolo. Akumuuza zimenezo, akumuombera, munthu atagwa kale akumuonjezera china kumsana. Nkhope ya Connery siikusintha ngakhale pang'ono, palibe mkwiyo, palibe chisoni. Mu 1962 mmenemo, ngwazi za m'mafilimu sizinkaombera kawirikawiri munthu wopanda chodzitetezera. Amene mumati Craig ndiye anabweretsa Bond wouma mtima, kaonereni malo amenewo.

Koma pamene ndimati apa zatheka ndi mu From Russia with Love wa 1963, m'sitima ya Orient Express. Red Grant, amene anasewera Robert Shaw, wadzinamiza kuti ndi mnzake wa ntchito, adyera limodzi, kenako wamukomola n'kumugwaditsa pansi atamuloza mfuti. Kwa mphindi zingapo palibe ndewu, ndi amuna awiri akulankhula m'kachipinda kopanikiza. Yang'anani maso a Connery pamenepo. Mukuona kuti munthuyu wachita mantha, wadziwa kuti wapusitsidwa, koma mutu ukugwira ntchito, akufunafuna pothawira. Akumunyengerera Grant ndi ndalama zagolide mpaka Grant akutsegula chikwama chimene chikumuphulikira utsi wokhetsa misozi kumaso. Ndewu yotsatirayo ilibe nyimbo, mumangomva phokoso la sitima, magalasi akusweka, anthu akupuma movutikira. Palibe kukongoletsa, ndi amuna awiri amphamvu akulimbirana moyo. Atamunyonga Grant ndi waya wake womwe, Bond akutenga zinthu zake zimene analandidwa, akudzikonza, wabwereranso kukhala bambo waulemu uja. Kusintha kumeneko, kuchokera ku chilombo kupita ku bwana m'kanthawi kochepa popanda inu kuona msoko, ndiye Bond amene ndikunena.

Mwina zinatheka chifukwa Connery mwiniwake anali anthu awiri. Anabadwa mu 1930 m'banja losauka ku Edinburgh, anagwirapo ntchito yoperekera mkaka m'makomo, anapukutapo mabokosi a maliro, ankanyamula zitsulo. Ukadaulo wa kavalidwe ndi kadyedwe ka anthu olemera anachita kuphunzitsidwa ndi Terence Young, amene anatsogolera mafilimu awiri oyambawo. Choncho suti ija inali pamwamba, pansi pake panali mnyamata wokulira m'mavuto, ndipo kamera inkaona zimenezo. Ian Fleming, mlembi wa mabuku a Bond, poyamba sanakhutire naye, koma m'mabuku ake omalizira anadzalemba kuti bambo ake a Bond anali a ku Scotland.

Tsopano kwa inu a Craig, sindikukunyozani, mfundo yanu ndi yolemera. Ngati tikunena luso la zisudzo lokhalokha, Craig mwina amaposa onse. Pamene ankamulengeza mu 2005 anthu anamunyoza kuti tsitsi lake ndi loyera, ndi wamfupi, alibe nkhope ya Bond, koma Casino Royale wa 2006 anawatseka pakamwa. Pothamangitsana kuja koyambirira, komwe nkhani imati ndi ku Madagascar, wothawayo akudumpha mwaluso kudutsa pakampata kakang'ono, Bond akungoboola khoma ndi thupi. Pomwepo mwadziwa kale kuti uyu ndi munthu wotani. Ndiye pali paja wapha anthu pa masitepe a hotela, akusamba magazi, akugugudiza kachasu wachizungu manja akunjenjemera, akusintha shati n'kubwerera ku tebulo la juga. Kenako akumupeza Vesper, mkazi amene akugwira naye ntchito, amene anasewera Eva Green, atakhala pansi m'bafa ndi zovala zomwe madzi akumuthira, iye n'kukhala naye pambali osanena zambiri. Zimenezo Connery sanapatsidwepo mwayi wozichita, ndipo ndikuvomera kuti Craig anazichita bwino kwambiri.

Vuto langa ndi zimene zinatsatira. Mafilimu anayi enawo anamusandutsa munthu wolira maliro osatha. Mu Quantum of Solace akulira Vesper, mu Skyfall wakalamba kale ndipo akubisala akumwa mowa, kumapeto kwa Spectre akusiya ntchito, mu No Time to Die akuchita kukamutenga ku Jamaica komwe anapumira, pomaliza n'kufa. Tinachoka pa Bond wongoyamba ntchito kufika pa Bond wotopa, osamuona bwinobwino ali pachimake akusangalala ndi ntchito yake. Ndipo kunena zoona, Craig akalowa m'chipinda cha mabwana, aliyense angadziwe kuti uyu wabwera kudzathyola munthu. Kazitape wotero angabisale bwanji? Connery akalowa, mumamupatsa mpando ndi chakumwa, mumadzazindikira mochedwa.

Moore ndiye anatenga mbali inayo, ya bambo waulemu. Mafilimu asanu ndi awiri, kuyambira Live and Let Die wa 1973 mpaka A View to a Kill wa 1985, ndipo anasunga Bond wamoyo pa nthawi imene akanatha kuzilala. The Spy Who Loved Me wa 1977, uja wa chimphona cha mano achitsulo chotchedwa Jaws ndi galimoto ya Lotus yolowa pansi pa nyanja, ndimaonerabe mpaka pano ndikuseka. Koma ndani anaopapo Roger Moore? Iye ankasewera ngati akukutsinzinirani diso kuti musadandaule, zonsezi ndi masewera. Kamodzi kokha, mu For Your Eyes Only, pamene akukankha ndi phazi galimoto ya chigawenga kuti igwere kuphompho, ndi pomwe ndinaona mano ake. Komanso anakhalitsa. Ambiri sadziwa kuti Moore anali wamkulu kwa Connery ndi zaka pafupifupi zitatu, ndipo filimu yake yomaliza inatuluka ali ndi zaka 57. Pothamanga ndi podumpha mumachita kuoneratu kuti uyo ndi munthu wina.

Amene ndimamumvera chisoni ndi Dalton. Anawerenga mabuku a Fleming n'kubweretsa Bond waukali, wosaseka zachabe, zaka pafupifupi makumi awiri Craig asanabwere. Mu Licence to Kill wa 1989 akutaya ntchito kuti akabwezere mnzake Felix Leiter amene anaponyedwa kwa shaki, mkazi wake n'kuphedwa tsiku la ukwati. Anthu amene anazolowera nthabwala za Moore sanamulandire bwino, kenako milandu ya makampani inaimitsa mafilimu kwa zaka zisanu ndi chimodzi, iye n'kutsala ndi awiri okha. Akanapeza anayi kapena asanu, bwenzi mkangano uno uli wina. Chimene ankasowa ndi kufewa, nthabwala ikafika pakamwa pake inkatuluka ngati akumukakamiza.

Brosnan ndi Bond wa ambiri a ife, ndipo chifukwa chake ndi chodziwika. Kuno ku Malawi wailesi yakanema yathu inayamba mu 1999, ndiye ambiri tinakumana ndi 007 m'mavidiyo sho, pa matepi, nthawi imene GoldenEye wa 1995 ndi Tomorrow Never Dies anali atsopano. Amene unayamba kumuona ndi amene amakukhala mumtima. GoldenEye ndi filimu yabwino, thanki ija ikugumula makoma ku St Petersburg, Judi Dench akuyamba kukhala M, bwana wa Bond. Koma Brosnan anatapa pang'ono kwa Connery, pang'ono kwa Moore, chakechake n'chovuta kuchiloza, ndipo pofika pa galimoto yosaoneka ya mu Die Another Day zinthu zinali zitasanduka katuni. Lazenby sindichedwapo: anali wa ku Australia wojambulitsa zotsatsa malonda, wosaphunzira zisudzo, anagwera m'filimu yabwino kwambiri ya 1969 imene Diana Rigg, wosewera mkazi wa Bond, anainyamula, iye n'kuchoka yekha.

Connery nayenso ali ndi zake, sindibisa. Mmene Bond wake amachitira ndi akazi, makamaka m'khola la mahatchi muja mu Goldfinger, lero ndi zochititsa manyazi, kumeneko ndi kukakamiza basi. Pofika You Only Live Twice wa 1967 anali atatopa ndi atolankhani komanso kukangana za malipiro, ndipo zimaonekera, uku amupaka kuti azioneka ngati msodzi wa ku Japan, chimunthu chachitali chonchija. Choncho Connery amene ndikumuikira kumbuyo ndi wa mafilimu anayi oyamba, 1962 mpaka 1965.

Ngati mukufuna kudziyesera nokha, achimwene, pezani From Russia with Love ndi Casino Royale muonere motsatizana. Koma pezani osamasuliridwa. Anyamata athu omasulira mafilimu m'Chichewa amatiseketsa, ndimawakonda, koma mawu awo amaphimba mawu a wosewera, ndipo theka la Connery lili m'mawu ndi m'malo amene wangokhala chete. Konzekaninso kuti filimu ya 1963 imayenda pang'onopang'ono, foni muike patali. Diamonds Are Forever wa 1971, uja wa nkhani yozembetsa miyala ya dayamondi kuchokera ku South Africa, musavutike naye. Connery anali atasiya kale kusewera Bond, koma anamubweza ndi madola 1.25 miliyoni, amene anawapereka ku thumba lothandiza maphunziro kwawo ku Scotland, koma mtima wake sunalimo m'filimuyo.