Za Ramones pasiteji: poyambira, ndi zomwe zimaononga matepi enawo

Achimwene, mwafunsa kuti pa zimbale za Ramones, gulu la nyimbo za punk rock la ku New York, zojambulidwa pasiteji muyambe ndi chiti, komanso chifukwa chake zina zomwe mwapeza pa intaneti zikuthamanga ngati zikuthamangitsidwa pomwe zina gitala yake sikumveka.

Yambani ndi It's Alive, musazungulire. Adachijambula pa 31 Disembala 1977 ku Rainbow Theatre mu London, chidatuluka mu 1979, ndipo muli nyimbo 28 m'nthawi yosakwana ola limodzi. Apa n'kuti anayi oyambirira onse alipo: Joey pamawu, Johnny pagitala, Dee Dee pabesi, Tommy pang'oma. Chinsinsi chake ndi Tommy. Amaimba mwaliwiro koma mosapupuluma, motero mawu a Joey amapeza malo, nyimbo n'kumaimbika. Nyimbo ikangotha Dee Dee amakuwa kuwerenga mpaka 4, ina yayamba kale, opanda mpata wopumira. Paulendo umenewo adajambula mashoo anayi: ku Birmingham pa 28, ku Stoke-on-Trent pa 29, ku Aylesbury pa 30, kenako ku London. Onse anayi adawatulutsa pamodzi m'bokosi limodzi mu 2019 pokumbukira zaka 40 za chimbalechi. Nyimbo zake ndi pafupifupi zomwezomwezo usiku uliwonse, choncho bokosi limeneli n'la munthu amene matenda okonda Ramones adamulowa kale m'magazi.

Ena akuuzani kuti chimbalechi adachikonza kwambiri musitudiyo. Marky Ramone, amene adadzalowa m'malo mwa Tommy pang'oma, adanenapo kuti ng'oma zokha ndi zomwe zidatsala za usiku umenewo, zina zonse adabwereza. Kumbukirani kuti mu 1977 Marky adali asanalowe m'gululi. Ngati nkhaniyi ikukusowetsani mtendere, mverani NYC 1978, shoo ya ku Palladium ku New York ya pa 7 Januwale 1978, yomwe adaijambulira pulogalamu ya pawailesi ya King Biscuit Flower Hour. Anthu ndi omwewo, papita sabata imodzi yokha, mufananitse nokha.

Tsono za kuthamanga. Pali kuthamanga kuwiri, ndipo anthu amakusokoneza. Koyamba n'kwa gulu lenilenilo. M'mene zaka zimapita, Ramones amaonjezera liwiro pasiteji. Loco Live, ya ku Barcelona mu Malichi 1991, Marky ali pang'oma ndipo C.J. atalowa m'malo mwa Dee Dee, ndi umboni wake: Joey akumeza mawu kuti afike kumapeto limodzi ndi anzake. Pamenepo palibe chokonza, ndi mmene ankaimbira. We're Outta Here! ndi shoo yawo yomaliza, ya nambala 2,263, pa 6 Ogasiti 1996 ku The Palace ku Hollywood, komwe Lemmy wa gulu la Motörhead ndi Eddie Vedder wa gulu la Pearl Jam adakwera nawo pasiteji. N'chimbale chosunga chifukwa cha mbiri, osati choyambira.

Kuthamanga kwachiwiri n'kwa tepi, ndipo kumapezeka pa zojambula zomwe gululo silidatulutse lokha. Zambiri za m'ma 1970 ndi 1980 zidayenda pakaseti, wina kukopera mnzake, mnzakeyo kukopera wina. Makina aliwonse ali ndi liwiro lake. Lamba akatha kapena mabatire a wojambulayo akafooka shoo ili mkati, tepi imayenda pang'onopang'ono pojambula, ndiye poiseweretsa pamakina abwino zonse zimakwera. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Gulu likathamanga, kiyi sisintha. Tepi ikathamanga, kiyi imakwera limodzi ndi liwiro, mawu a Joey n'kuonda ngati a mwana. Tengani gitala yochunidwa bwino, mupeze kodi (chord) yoyamba ya nyimbo pa It's Alive, kenako muyese nyimbo yomweyo patepi yanuyo. Mukafunika kusuntha chala ndi fureti imodzi, tepiyo yathamanga ndi pafupifupi 6 peresenti. Mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu, sankhani Change Speed (mu Audacity watsopano imatchedwa Change Speed and Pitch), yomwe imatsitsa kiyi ndi liwiro pamodzi. Change Tempo ndi Change Pitch zimagwira mbali imodzi yokha, mungoonjezera vuto. Ndipo yesani koyambirira ndi kumapeto kwa shoo, chifukwa vuto la mabatire limakula tepi ikamapita. Zikatero muidule m'zigawo, chilichonse mukonze pachokha.

Gitala yosowayo nthawi zambiri ndi ya zojambula zolembedwa kuti soundboard, zotengedwa pamikisa ya holo, makina osakanizira mawu opita m'masipika. Anthu amaziyesa zabwino koposa, koma kwa Ramones zimakhumudwitsa. Johnny ankaimba Mosrite yake m'maampu a Marshall otsegula kwambiri, moti m'holo yaing'ono gitala imadzaza chipinda payokha. Woyendetsa mikisa sakanaionjezeranso m'masipika, amakweza mawu ndi ng'oma basi. Tepi yochokera pamikisayo imatenga zimene iye adakweza: Joey ali kutsogolo, gitala ili kutali ngati ya kwa aneba, anthu ochemerera kulibe. Izi sizikonzeka ndi EQ, yokweza kapena kutsitsa mawu okhuthala ndi oonda, poti chomwe sichidalowe patepi simungachikweze. Zojambula za munthu amene adaima pakati pa anthu ndi maikolofoni zimakhala ndi gitala yonse, koma besi imangochita mkokomo ndipo mumamva kukuwa kwa amene adaima naye pafupi. Za pawailesi ya FM ndiye zimakhala pakatikati, ngakhale wailesi imafinya mawu ndipo nthawi zina woulutsa amalankhula nyimbo ili mkati.

Chenjeraninso ndi mafayilo abodza a FLAC, mtundu wa fayilo umene umayenera kusunga mawu onse osataya kanthu. Wina amatenga MP3 yotsika n'kuisandutsa FLAC, fayilo n'kukula, mawu osasintha. Itseguleni mu pulogalamu ya Spek kapena muione mu Audacity pa spectrogram, chithunzi choonetsa kukwera kwa mawu: ngati zonse zadukira pa 16 kHz ngati zodulidwa ndi lumo, idachokera ku MP3 ya 128 kbps. Ola limodzi la WAV, fayilo ya mawu osafinyidwa, limadya malo opitirira 600 MB, la MP3 ya 320 kbps limadya pafupifupi 145 MB, ndiye musamalize bandulo pa fayilo yaikulu yopanda kanthu. Pa zojambula za FM pokha samalani, chifukwa wailesiyo payokha imadula mawu cha pa 15 kHz, si chinyengo ayi.

Pomvera, tsegulani gapless playback (kuseweretsa nyimbo popanda mpata pakati) pa pulogalamu yanu ndipo muzimitse crossfade ndi shuffle. Powotcha CD sankhani disc-at-once, mpata wa pakati pa nyimbo muuike pa 0. Mukasiya masekondi awiri omwe mapulogalamu ambiri amaikiratu, kuwerenga kwa Dee Dee kuzidukira pakati maulendo oposa 20.