Za ndalama za kaboni: musasaine musanawerenge

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Epworth, ku Zimbabwe. Akuti kunabwera anthu onena kuti akabzala bulugamu m'munda wa chimanga adzalandira ndalama chaka ndi chaka chifukwa mitengo imayamwa mpweya wa kaboni. Analipira madola 20 olembetsera, anasaina, anabzala. Akufunsa kuti ndalamazo zidzabwera liti.

Bambo, mwalakwitsa pawiri. Munasaina chikalata osatsala ndi kope lanu, kenako munaika bulugamu pamalo odyetsa ana. Bulugamu amamwa madzi kwambiri ndipo chimanga choyandikana naye chimafooka. Mwaiwala kale chilala cha 2024? Zulani mbandezo zikadali zazing'ono. Ndipo ndikuona kuti madola 20 aja apita, chifukwa ntchito yoona ya kaboni siyamba ndi kutolera ndalama kwa mlimi.

Malonda akewo alipodi. Tani imodzi ya mpweya wochotsedwa mumlengalenga ndiyo kirediti imodzi, ndipo makirediti amenewa ndiwo amagulitsidwa. Koma ngakhale boma la Zimbabwe likuyenda mopapasa. Mu May 2023 linanena kuti lidzatenga theka la ndalama za malondawa. Pofika August chaka chomwecho, lamulo la SI 150 linatsitsa gawolo kufika pa 30 peresenti, ndipo mu 2025 kunatuluka malamulo ena atsopano. Sikuti akuluakuluwo akusewera ayi. Nkhaniyi ndi yovuta: kaboni wa m'nthaka savuta kunena koma kumuyeza n'kodula, komanso mtengo ukapsa ndi moto wolusa kapena ukadulidwa nkhuni, mpweya wonse uja umabwerera kumwamba pomwe wogula analipira kale. Ndiye aliyense wobwera ndi nkhaniyi mufunseni ngati ntchito yake inalembetsedwa ku boma, mgwirizano ndi wa zaka zingati, komanso amalipira ndani mitengo ikafa.

Ine ndimalimbikitsa makala a m'munda, omwe ena amati biochar, chifukwa amapindulitsa nthaka kaya ndalama za kaboni zibwere kaya zisabwere. Sonkhanitsani zitsononkho zouma bwino. Mapesi asiyeni aphimbire nthaka. Kumbani dzenje losongoka pansi ngati fanulo, mita imodzi kukamwa, kuya kopitirira pang'ono theka la mita. Yatsani moto pansi. Mukaona phulusa loyera layamba pamwamba, thiranipo zitsononkho zina pang'ono, choncho mpaka dzenje lidzaze. Ambiri amalakwitsa apa: amakhuthula thumba lonse nthawi imodzi, moto umatsamwa, utsi tolo, zitsononkho n'kutsala zosapsa. Pomaliza zimitsani ndi madzi ambiri, ndowa zisanu kapena kuposa, apo ayi m'mawa mudzapeza phulusa lokhalokha. Pamene pali mphepo musayatse, ndipo lambulani udzu mozungulira dzenjelo.

Makalawo aphwanyeni, muwasakanize ndi manyowa muyezo wofanana, akhale milungu itatu kapena inayi ali achinyezi. Mukawathira osasakaniza amayamba ayamwa chakudya cha m'nthaka, chimanga n'kuchita chikasu. Pa phando lililonse la Pfumvudza, ulimi wobzala m'timayenje ndi kuphimbira nthaka, ikani dzanja limodzi. Pa nthaka yamchenga ngati ya kwanuko amathandiza kusunga chinyezi, ndipo amakhala m'nthaka zaka mazanamazana.

Za ndalama musayembekezere zambiri. Tani ya makala imasunga matani a mpweya pafupifupi awiri ndi theka, koma inu pa chaka mungapange matumba ochepa chabe. Ogula amafuna gulu lalikulu la alimi ndi kaundula wolembedwa bwino. Choncho yambani lero kulemba m'kope tsiku lowotcha, kulemera kwa makala, ndi munda umene mwathira. Ngati mukufunabe mitengo m'munda, bzalani gilirisidiya kapena msangu.