Mafunso a Awerengi: Atate Ali ndi Pacemaker, Kodi Angazulitse Dzino?

Akonzi, ndikulemba kuchokera ku Kapata kuno ku Chipata. Atate anga, a zaka 71, anawaika pacemaker, kachipangizo ka batire kothandiza mtima kugunda, ku Lusaka zaka zitatu zapitazo chifukwa mtima wawo unkagunda pang'onopang'ono mpaka ankakomoka, ndipo kuyambira nthawi imeneyo amamwanso warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, madzulo alionse. Tsopano dzino lakuchibwano lawasautsa kwa milungu inayi, tsaya latupa, nsima akungodya yofewa ngati phala, koma kuchipatala akukana chifukwa anzawo anawauza kuti makina a dokotala wa mano amazimitsa batire la mtima. Achimwene anga akuti tiwasiyitse warfarin kwa masiku atatu, kenako tipite nawo kwa munthu wina amene amazula mano kunyumba kwake, popeza iyeyo sagwiritsa ntchito magetsi. Kodi titani?

Mwana wodandaula, Chipata

Mayi, pa zinthu zonse zimene mwatchula m'kalata yanu, makina a dokotala wa mano ndiwo osaopsa kwenikweni, pamene tsaya lotupalo ndi maganizo a achimwene anu ndizo zandidetsa nkhawa. Kutupa kotero kaŵirikaŵiri kumasonyeza kuti pansi pa dzino pasonkhana mafinya, ndipo tizilombo tochokera pamenepo tingathe kuloŵa m'magazi ndi kukakhazikika pa tizingwe tolumikiza pacemaker ndi mtima kapena pa mavavu a mtima, titseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, limene ndi vuto lalikulu koposa la dzino. Pitani nawo atate sabata ino ku chigawo cha mano pa Chipata Central Hospital kapena pa chipatala china chimene chili ndi dokotala wa mano wovomerezedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia. Ngati ayamba kutentha thupi, kulephera kutsegula pakamwa, kapena kuvutika kumeza ndi kupuma, musadikire kuti kuche.

Mawu a anzawo aja ali ndi chiyambi chake, ngakhale kuti apotozedwa. Pacemaker imamvetsera timagetsi ting'onoting'ono timene mtima umatulutsa pogunda, ndipo ikaona kuti mtima wachedwa, imatumiza mphamvu yake kudzera m'tizingwe tija kuti uugunditse. Chipangizo china champhamvu chamagetsi chikayandikira pachifuwa, pacemaker ingasokonezeke n'kuyesa kuti mtima ukugunda wokha, motero n'kuleka kuuthandiza kwa kanthaŵi, ndipo munthu angamve chizungulire. Chipangizocho chikazimitsidwa kapena kutalikitsidwa, pacemaker imabwerera m'ntchito yake, batire silizima ndipo silitha mphamvu chifukwa cha zimenezi. Pacemaker yoyamba kuikidwa m'thupi la munthu inaikidwa ku Sweden mu 1958, ndipo zakale zoterozo zinkasokonezeka msanga, koma zamakono zimakhala m'kachibokosi ka titanium ndipo zinapangidwa kuti zizisiyanitsa kugunda kwa mtima ndi phokoso la magetsi akunja.

Kuzula dzino nakonso sikufuna magetsi. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi m'nkhama, kenako amagwedeza dzinolo ndi zopanira zachitsulo mpaka lituluke. Kamakina koboolera mano, kolira mokweza kaja, nthaŵi zambiri kamayendetsedwa ndi mpweya wopanikizidwa, ndipo ngakhale kamagetsi sikavutitsa pacemaker. X-ray ya mano nayonso ilibe vuto. Chimene madokotala amachipeŵa kwa munthu wa pacemaker ndi chipangizo chodulira ndi kuwotcha mnofu ndi magetsi, chotchedwa electrosurgery kapena diathermy, makamaka mtundu umene magetsi ake amadutsa m'thupi kupita pa kambale komatidwa pakhungu. Amasamalanso ndi mitundu ina ya ultrasonic scaler, kachipangizo kogwedera kochotsera litsiro louma m'mano, ndipo akakayika amangopala ndi zida zamanja, mongotenga nthaŵi yotalikirapo. Chinthu chaching'ono chimene inu mungayang'anire muli pambali ndi chakuti zingwe za makina zisagonekedwe pachifuwa cha atate, makamaka pansi pa fupa la phewa pamene pali pacemaker.

Zonsezi dokotala angazisamale pokhapokha atauzidwa. Atate anapatsidwa kakhadi potuluka m'chipatala, kolembedwa dzina la kampani imene inapanga pacemaker, mtundu wake ndi tsiku limene inaikidwa. Mukafune kakhadi kameneko lero, kaya kali m'chikwama cha mapepala a penshoni kaya m'Baibulo, ndipo mukakapereke pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa asanakhale n'komwe pampando. Musadalire kuti atate akanena okha, chifukwa akuluakulu ambiri akafunsidwa ngati akudwala matenda ena amayankha kuti ali bwino, poganiza kuti mtima unakonzedwa kale.

Ndibwere ku nkhani ya warfarin, imene ndikupempha kuti muŵaŵerengere achimwene anu mokweza. Mankhwala ameneŵa amaperekedwa kuti magazi asaundane mumtima, chifukwa kachibuma ka magazi kakachoka mumtima n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amachita sitiroko n'kufa ziwalo kapena kusiya kulankhula. Magazi otuluka pabala la dzino amaoneka ndi maso ndipo dokotala amawaletsa ndi thonje, ulusi wosokera kapena mankhwala oika pabalapo, koma sitiroko sibwezeka. N'chifukwa chake masiku ano odwala ambiri amazulidwa dzino asanasiye warfarin. Chofunika ndi kupima magazi kotchedwa INR, koonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, makamaka tsiku limodzi dzino lisanazulidwe, ndipo ngati INR yawo imakhala yokhazikika, kupima kwa m'masiku atatu kumakwanira. Kwa anthu ambiri INR imasungidwa pakati pa 2 ndi 3, ndipo ikakhala pamenepo kuzula dzino limodzi kumatheka. Ikakwera kufika pa 4 kapena kupitirira, dokotala wa mano amayamba wakambirana ndi dokotala wa mtima. Wosintha mlingo wa warfarin ndi dokotala yekha, ndipo aspirin nayenso sasiyidwa mwachisawawa. Munthu wozula mano kunyumba uja sangapime INR, alibe choletsera magazi akachuluka, ndipo zida zake sitidziŵa kuti amaziphika motani.

Pa mankhwala a ululu, atate amwe paracetamol, amene ambiri timangoti panado, koma Brufen ndi diclofenac ogula pa kantemba awapeŵe, popeza akaphatikizana ndi warfarin angatulutse magazi m'mimba. Flagyl, amene amaperekedwa kaŵirikaŵiri pa zotupa za m'kamwa, amawonjezera mphamvu ya warfarin kwambiri, choncho aliyense wowalembera mankhwala adziŵe kuti ali pa warfarin. Ena amaganiza kuti munthu wa pacemaker ayenera kumwa maantibayotiki asanagwiridwe mano, koma malangizo a bungwe la American Heart Association a mu 2007 sanaike pacemaker m'gulu limeneli. Amene amafunika kutero ndi anthu monga amene anaikidwa vavu yopanga kapena amene anadwalapo kale matenda a tizilombo m'kati mwa mtima, ndipo kwathu kuno oterowo alipo ndithu chifukwa cha matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi za paubwana. Ngati atate anagwiridwanso mavavu, mukanene. Maantibayotiki ochizira chotupa chimene ali nacho kale ndi nkhani ina, imene dokotala akaona yekha.

Akonzi, ine ndili ndi ICD, kachipangizo ka mtima komenya ndi magetsi, ndipo ndikufuna kukamatitsa mano aŵiri. Kodi ikandimenya ndili pampando, dokotala amene wandigwira sangavulale?

Bambo wa ku Petauke

Bambo, wokugwirani angamve kunyerenyesa pang'ono chabe, ndipo atavala magolovesi mwina sangamve kanthu. ICD imasiyana ndi pacemaker chifukwa ikaona kuti mtima ukuthamanga moopsa imaumenya ndi magetsi amphamvu kuti ubwerere m'malo, choncho ikasokonezedwa ndi electrosurgery ingakumenyeni popanda chifukwa. Pa kumata mano chipangizo chimenecho sichifunika. Ngati tsiku lina chidzafunika, dokotala wanu wa mtima ndiye angakonze zoti ICD iimitsidwe kumenya kwa nthaŵi ya opaleshoniyo, ndipo inu musayese kuika maginito pachifuwa nokha. Mantha ndi ululu zimathamangitsa mtima, motero pemphani nthaŵi ya m'maŵa, idyani kadzutsa, imwani mankhwala anu monga mwa masiku onse, ndipo mumuuze dokotala za mtima wanu kuti achepetse adrenaline, mankhwala othamangitsa mtima amene amakhala mu jakisoni wa dzanzi. ICD ikakumenyani kamodzi, ntchito ya mano iime pomwepo ndipo mudziŵitse a chipatala cha mtima tsiku lomwelo. Ikakumenyani kaŵiri kapena kuposa, kapena mukamva kupweteka pachifuwa ndi chizungulire, akutengereni ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi osachedwa.