Mutu wa nkhope, chibwenzi ndi jenda musausiye

Wandilembera mtsikana wa chaka chomaliza pa kosi ya saikoloje, akuti anzake akumuseka kuti mutu wa pulojekiti yake ndi wachibwana. Akufuna kufufuza ngati kukhala pachibwenzi kapena singo, komanso kukhala mkazi kapena mwamuna, kumasintha mmene munthu amakumbukirira nkhope. Nde akufunsa, ndiusiye?

Ayi achemwali, musausiye, nkhani ya nkhopeyi akatswiri anaiyamba kale. Mu 1997 Nancy Kanwisher ndi anzake anafotokoza kachigawo ka ubongo kamene kamagwira ntchito kwambiri tikamaona nkhope, amakatchula fusiform face area. Mbali ya jenda nayo ili ndi poyambira, mu 2013 Agneta Herlitz ndi Johanna Lovén anasonkhanitsa kafukufuku wambiri nkupeza kuti akazi amakumbukira nkhope kuposa amuna makamaka zikakhala nkhope za akazi anzawo.

Pofunika kusamala ndi pa chibwenzipo, apa ndipamene ana asukulu ambiri amasokonezera zinthu. Jon Maner ndi anzake anaona kuti munthu amene ali pachibwenzi chokhazikika, ukamukumbutsa za wokondedwa wake, maso ake sakhalitsa pa nkhope yokongola ya munthu wina. Komatu kumeneko ndi kuyang'ana, si kukumbukira, ndiye inu musankhiretu chimene mukuyeza chifukwa mukaphatikiza ziwirizi supavaiza adzakubwezerani chaputala chonse, ndipo adzakhala akulondola.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi Cambridge Face Memory Test ya Duchaine ndi Nakayama ya 2006. Munthu amakhala pa kompyuta, amaloweza nkhope 6, tsitsi analichotsa pa zithunzizo kuti asagwire pamenepo, kenako azisankha yomwe anaiona pakati pa zitatu, mafunso onse 72. Koma dziwani kuti nkhope za mu tesiti yoyambayo ndi za amuna okhaokha, azungunso, pomwe anthu timakumbukira bwino nkhope za mtundu womwe tinazolowera. Pa funso lanuli mufunika nkhope za akazi ndi amuna zomwe.

China, pa fomu musangolemba kuti "muli pachibwenzi?" basi. Funsani kuti akhala pachibwenzicho nthawi yaitali bwanji, ndi banja kapena ayi, wa miyezi iwiri ndi wa zaka 10 musawaike gulu limodzi. Mayina musalembe, izi ndi zachinsinsi za anthu, ndipo chilolezo cha komiti ya ethics, yoona kuti kafukufuku asaphwanye ufulu wa anthu, mutengeretu musanafunse ngakhale munthu mmodzi.